Mmene ojambula anaphunzirira kupusitsa maso

Mumzinda wa Milan ku Italy muli tchalitchi china chaching'ono chotchedwa Santa Maria presso San Satiro. Mukalowa pakhomo n'kuyang'ana kutsogolo mumaona guwa, ndipo kuseri kwa guwalo kuli chipinda chachitali ndithu, cha nsanamira zondandalikana uku ndi uku, ndi denga lokhota lonyezimira golide. Maso amakuuzani kuti ansembe ambiri angathe kukhalamo momasuka. Koma tayendani mpaka pambali pa guwalo. Chipinda chija chimafinyika inu mukuona, mpaka kutsala kamphako chabe. Kuya kwake ndi masentimita 97 basi.

Anachita zimenezi ndi Donato Bramante m'zaka za m'ma 1480, ndipo sankafuna kuseweretsa anthu ayi. Eni tchalitchi ankafuna nyumba yooneka ngati mtanda, koma kuseri kwa khoma la kuguwa kunkadutsa msewu, Via Falcone, ndipo malo oti n'kumangapo mutu wa mtandawo panalibe. Bramante anatenga njerwa, pulasitala ndi penti, n'kupanga nsanamira zonka zifupika, denga lonka litsika, mizere yonse yolozera pamalo amodzi, moti chipinda cha mamita pafupifupi 10 chinakwana pamalo osafika mita imodzi. Chimene msewu unamukaniza kumanga panthaka anachimanga m'mutu mwa munthu wolowa pakhomo.

Kuti mmisiri achite zoterezi ayenera kudziwa zimene diso limakhulupirira msanga ndi zimene limakayikira. Nzeru imeneyi ojambula anaisonkhanitsa ndi manja awo kwa zaka pafupifupi 2,000, asayansi asanabwere kudzaifotokoza ndi mawu.

Nkhani yakale kwambiri pa zimenezi inalembedwa ndi Pliny Wamkulu, Mroma amene anafa m'chaka cha 79 phiri la Vesuvius litaphulika. Iye anasimba za mpikisano wa akatswiri awiri achigiriki a m'zaka za m'ma 400 BC, Zeuxis ndi Parrhasius. Zeuxis anajambula mphesa mwaluso moti mbalame zinabwera kudzajompha. Ali wodzitama choncho, anauza mnzake uja kuti achotse katani yophimba chithunzi chake kuti anthu aone. Katani ija ndiyo inali chithunzicho. Zeuxis anavomera kugonja, ati iye wapusitsa mbalame koma mnzakeyo wapusitsa mmisiri. Palibe chithunzi cha awiriwa chimene chinatsala, ndipo nkhaniyi iyenera kuti inathiridwa mchere poyenda pakamwa pa anthu kwa zaka zoposa 400. Komabe ikusonyeza muyeso umene anthu a kumeneko ankayesera ukatswiri.

Umboni wogwirika unasungidwa ndi phulusa lomwe linapha Pliny lija. Ku Boscoreale, kufupi ndi Pompeii, kunafukulidwa chipinda chogona chojambulidwa pakati pa 50 ndi 40 BC, chimene lero chili ku Metropolitan Museum ku New York. Makoma ake ali ndi nsanamira zofiira za penti, ndipo pakati pa nsanamirazo mumaona zipata, makonde ndi nyumba zosanjikizana ngati mukusuzumira mumzinda. Mizere yake imayandikana bwino popita kutali, koma siyonse imakakumana pamalo amodzi. Wojambulayo ankayendera diso, osati lamulo. Chondisangalatsa kwambiri ine ndi pansi pa chipinda china chodyera, pomwe lero pakusungidwa ku Vatican. Mmisiri analumikiza timiyala tamitundumitundu n'kupanga zinyalala za phwando: minga za nsomba, phazi la nkhuku, zigoba za nkhono, miyendo ya nkhanu, makoko a zipatso, ndi kakhoswe kakuteketa mtedza. Chinyalala chilichonse anachipatsa kamthunzi kake, ndipo kamthunziko ndiko kamachinyamula pansi n'kuchionetsa ngati chinthu choti munthu n'kutola. Mlendo wolowa m'nyumbamo ankaganiza kuti antchito sanasese.

Plato, katswiri wa nzeru wachigiriki, sankazikonda zimenezi ngakhale pang'ono. Iye ankati ndodo yowongoka imaoneka yopindika m'madzi, chachikulu chimaoneka chaching'ono chikakhala patali, ndipo ojambula amadyera pa kufooka kumeneku kwa munthu. Mankhwala ake, malinga ndi iye, ndi kuyeza, kuwerenga ndi kuika pasikelo. Sankadziwa kuti kuyeza komweko ndiko kudzafikitse chinyengochi pachimake.

Njira ya kuyezako inadzera ku Iraq ndi ku Egypt. Akatswiri akale Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti diso limatulutsa cheza chimene chimakakhudza zinthu. Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kukagwira ntchito ku Cairo, analemba buku lake Kitab al-Manazir pakati pa 1011 ndi 1021, n'kusonyeza kuti kuwala ndiko kumachokera pa zinthu, kuyenda m'mizere yowongoka mpaka kulowa m'diso. Ananenanso china chachikulu kuposa chimenecho: cholowa m'diso ndi kuwala ndi mtundu basi. Kutalika kwa mtunda, kukula kwa chinthu ndi maumbidwe ake, zonsezo maganizo amachita kuweruza poyerekeza ndi zimene anaziona kale, ndipo amaweruza mofulumira moti munthu sazindikira kuti waweruza. Bukuli linamasuliridwa m'Chilatini cha m'ma 1200, kenako m'Chitaliyana, ndipo Lorenzo Ghiberti, wosula zitseko zotchuka za mkuwa ku Florence, anakopera zigawo zake m'zolemba zake.

Ku Florence komweko kunali Filippo Brunelleschi, wosula golide amene pambuyo pake anamanga denga lalikulu la tchalitchi chachikulu cha mzindawo. Nthawi ina chaka cha 1425 chisanafike, iye anaima mkati mwa khomo la tchalitchicho, mamita pafupifupi 2 kuchokera panja, n'kuyang'ana nyumba yobatiziramo ya San Giovanni, ya mbali 8, imene ili moyang'anizana nacho. Anaijambula moyeza pakathabwa ka masentimita pafupifupi 30 mbali zonse. Pamalo a thambo sanapake penti. Anamatapo siliva wopukutidwa bwino kuti mitambo yeniyeni izionekeramo ikuyenda. Kenako anaboola kabowo pakathabwapo, molunjika ndi pomwe diso lake linkaloza. Antonio Manetti, amene analemba mbiri ya moyo wake ndipo anati anakagwirapo kathabwako kambirimbiri, akuti kumaso kwa chithunzi kabowoko kanali kofanana ndi njere ya mphodza, kumbuyo n'kukula kufika pa ndalama yachitsulo. Woonera ankagwira kathabwako ndi dzanja limodzi, penti itayang'ana kutsogolo, diso lake lili pakabowo kumbuyo. Dzanja linalo ankalitambasula atagwira galasi, ndipo chithunzicho ankachionera m'galasimo. Ataima pomwe mmisiriyo anaima, ankatha kutsitsa galasi n'kuona nyumba yeniyeniyo, kulikwezanso n'kuona yojambula, zitagwirizana mzere ndi mzere. Kathabwako kanasowa kalekale, koma kujambula ku Ulaya sikunakhalenso chimodzimodzi.

Kabowo kameneka ndi kofunika kuposa penti yonse ya pakathabwapo. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala ka minyewa, kotchedwa retina, pomwe kuwala kumakagwera. Pamenepo palibe kutali kapena pafupi: mtengo waukulu uli patali ndi kachitsamba kali pafupi zingathe kutenga malo ofanana ndendende. Ubongo ndiwo umapenekera chimene chili kunjaku, ndipo umadalira zizindikiro zimene nthawi zambiri siziunamiza. Chinthu chikaphimba chinzake ndiye kuti chili kutsogolo. Mizere iwiri ikamayandikana, monga imachitira njanji mukaima pakati pake, ndiye kuti ikupita kutali. Chotuwa ndi chosaoneka bwino chili patali. Kuwala kumachokera kumwamba, choncho chowala pamwamba n'kuda pansi ndi chotumphuka, pamene chakuda pamwamba n'kuwala pansi ndi dzenje. Zonsezi wojambula angathe kuziika pathabwa.

Koma pali mboni ziwiri zimene penti singazigule. Yoyamba ndi maso awiri. Ali motalikirana masentimita pafupifupi 6, lililonse limaona chinthu mosiyana pang'ono ndi linzake, ndipo ubongo ukayerekeza zithunzi ziwirizo umadziwa kuti ili ndi khoma chabe. Yachiwiri ndi kusuntha kwa mutu. Mukasuntha, zapafupi zimasuntha kwambiri kuposa zakutali, pamene za pachithunzi zimasunthira limodzi. Kabowo ka Brunelleschi kankasiya diso limodzi lokha likugwira ntchito, n'kumanga mutu kuti usasunthe. Mboni zonse ziwiri zinkatulutsidwa m'bwalo mlandu usanayambe. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kupusitsa maso kotheratu wakhala akulimbana ndi funso limodzimodzi: munthuyu ndimuimike pati?

Mnyamata wina dzina lake Masaccio anatenga njirayi n'kuiika pakhoma la tchalitchi cha Santa Maria Novella cha m'ma 1427, pojambula Utatu Woyera. Anakhoma msomali molingana ndi diso la munthu woima pansi, n'kukoka zingwe kuchokera pamsomalipo pulasitala akadali wosauma. Zipsera za mizereyo zikuonekabe. Chotsatira chake ndi kachipinda kopemphereramo kolowa mkati mwa khoma, kolondola kwambiri moti akatswiri akhala akuyesa kuwerengera kuya kwake. Masaccio anamwalira mu 1428 ali ndi zaka 26. Giorgio Vasari, wolemba mbiri za ojambula, analemba motamanda kuti khomalo limaoneka ngati labooledwa, koma ndi Vasari yemweyo amene cha m'ma 1570 anachiphimba ndi guwa ndi chithunzi chake chake, moti chinakhala chobisika mpaka cha m'ma 1860. Lamulo la zonsezi linalembedwa ndi Leon Battista Alberti mu 1435. Iye ankati chithunzi chizitengedwa ngati zenera lotsegula, ndipo mizere yonse yopita kutali izikakumana pakadontho kamodzi. Ena luso latsopanoli linawalowa m'mutu ngati mowa. Vasari akusimba kuti mkazi wa Paolo Uccello ankamuitana usiku kuti adzagone, iye n'kumangoyankha za kukoma kwa mizere yakeyo.

Posakhalitsa ojambula anayang'ana kudenga. Ku Mantua, pakati pa 1465 ndi 1474, Andrea Mantegna anajambula pasiling'i ya chipinda cha banja la Gonzaga bowo lozungulira lopenyera kuthambo. M'mphepete mwake muli azimayi osuzumira pansi akumwetulira, tiangelo tamaliseche, mbalame ya mchira wautali yotchedwa pikoko, ndi mphika waukulu wa maluwa wotsamira pakamtengo kamodzi, wooneka ngati ungagwere aliyense woima pansipo. Ankadziwa kuseka Mantegna.

Hans Holbein anaitembenuza nkhaniyi chadodolido. Mu 1533 ku London anajambula Afalansa awiri, Jean de Dinteville, kazembe wa dziko lake kwa Mfumu Henry VIII, ndi mnzake Georges de Selve, bishopu wa ku Lavaur. Onse anali asanakwanitse zaka 30. Aima atavala zodula, ndipo pakati pawo pali tebulo lodzaza ndi zida zoyezera nyenyezi ndi nthawi, buku la masamu, buku la nyimbo ndi choimbira cha zingwe chimene chingwe chake chimodzi chaduka. Kutsogolo kwa mapazi awo kuli chinthu chachitali chotuwa, chopingasa, chosadziwika mutu wake. Mukasunthira kudzanja lamanja kwa chithunzicho, kufupi ndi khoma, n'kuyang'ana cham'mbali, chinthu chija chimafupika n'kukhala chibade cha munthu. Panthawi yomweyo akuluakulu awiri aja amaphwatalala n'kusazindikirika. Simungaone ulemerero wawo ndi chibadecho nthawi imodzi. Kwa ine apa ndi pamene chinyengo cha maso chinasiya kukhala masewera n'kuyamba kunena kanthu, chifukwa uthenga wake suli m'chibademo chokha koma m'mapazi a woonera amene ayenera kuchoka pamalo aulemu kuti achione. Chithunzichi chili ku National Gallery ku London.

Katswiri wa akatswiri pa kuimika munthu pamalo amodzi anali Andrea Pozzo, bulazala wa chipani cha Ajezuiti, wobadwira ku Trento mu 1642. Ajezuiti anayamba kumanga tchalitchi cha Sant'Ignazio ku Rome mu 1626 ndi ndalama za Kadinala Ludovico Ludovisi. Kadinalayo anamwalira mu 1632, ndipo denga lalikulu lobulungira lomwe linayenera kutumphuka pakati pa tchalitchicho silinamangidwe. Mu 1685 Pozzo analijambula pachinsalu chozungulira, chotambalala mamita oposa 10, n'kuchipachika chathyathyathya pamalopo. Muli nsanamira, mazenera olowetsa kuwala ndi kansanja kapamwamba. Kansanjako sanakaike pakati koma kufupi ndi m'mphepete, poti ndi pomwe munthu wobwera kuchokera kukhomo angakaone likanakhala denga lenileni. Mukafika pansi pake penipeni zonse zimapendekeka. Akatswiri ena a zomangamanga anadandaula kuti nsanamira zake zaima pa zogwiriziza zosalimba, zomwe mmisiri weniweni sangayerekeze. Pozzo analemba yekha kuti mnzake wina wojambula anawayankha kuti zikadzalemedwa n'kufuna kugwa, iye adzalipira zokonzetsera kuchokera m'thumba mwake. Chomwe chinadzawononga chinsalucho si kulemera kwa nsanamira, koma kuphulika kwa nkhokwe ya onga mu 1891, ndipo chinakonzedwanso m'zaka za m'ma 1960.

Ntchito yaikulu inabwera pakati pa 1691 ndi 1694, pamene anajambula denga lonse la pakati pa tchalitchicho. Makoma enieni akathera, a penti amapitirira kukwera, nsanamira pamwamba pa nsanamira, mpaka denga kutseguka n'kuoneka thambo, Ignatius wa ku Loyola, woyambitsa chipani cha Ajezuiti, ali pamtambo, anthu ambirimbiri akuuluka momuzungulira. M'mbali muli azimayi anayi oimira zigawo za dziko zimene Ajezuiti ankalalikirako: Ulaya ali pahatchi, Asia pangamira, America pachilombo cha mtundu wa kambuku, Africa wakhala pang'ona atagwira mnyanga wa njovu. Palibe amene angaloze molimba mtima pamene njerwa zathera ndi pamene penti yayambira.

Vuto linali lakuti dengalo ndi lokhota, pamene pulani yake inali papepala. Pozzo anafotokoza njira yake m'buku lake lomwe linatuluka m'zigawo ziwiri, mu 1693 ndi 1700. Pulaniyo anaigawa m'timabokosi. Kenako anamanga ukonde wa zingwe, wa timabokosi tofanana chiwerengero, mopingasa pomwe denga limayambira kukhota. Munthu akanaika kandulo usiku pamalo a diso la woonera, mthunzi wa ukondewo ukanagwera padenga n'kusonyeza pojambula. Koma mtunda unali wautali ndipo matabwa okwerapo amisiri ankatchinga, choncho m'malo mwa kuwala anagwiritsa ntchito chingwe chachitali. Ankachimanga pamalo a disowo, kuchikoka kudutsa pamfundo iliyonse ya ukonde mpaka kukhudza denga, n'kuika chizindikiro. Timabokosi ta padenga tinkatuluka topotoka ndi totambasuka, ndipo ankajambulamo zimene zinali m'kabokosi kofanana nako papepala. Munthu woima pamatabwa pafupi ndi denga ankaona miyendo yaitali ndi mitu yophwanyika.

Pansi pa tchalitchicho pali mwala wozungulira wachikasu. Pamenepo ndi poimapo. Pozzo sanafunikire kabowo, chifukwa denga lili kutali kwambiri moti maso awiri sathanso kuthandiza ubongo kusiyanitsa. Mukachoka pamwalapo, nsanamira zija zimayamba kuweramira mbali imodzi ngati zigwa. Anthu anamudzudzula pa chimenechi, koma iye sanagonje: chithunzi cholondola ndendende pamalo amodzi chinali chabwino kwa iye kuposa cholondola pang'ono paliponse. Masiku ano anaikamo galasi lalikulu lopendekeka kuti alendo aziona denga osapweteka khosi, ndipo ambiri amafola pamzere wa galasiwo ndi mafoni awo, mwala wachikasu uja n'kuudutsa osauona.

Buku la Pozzo linafika mpaka ku China. Mjezuiti wina wojambula, Giuseppe Castiglione, anafika ku Beijing mu 1715, ndipo mothandizana naye nduna ina, Nian Xiyao, inatulutsa buku la luso limeneli m'Chitchaina mu 1729. Zou Yigui, wojambula wa kunyumba ya mfumu, anavomereza kuti nyumba zojambulidwa ndi azungu zimachititsa munthu kufuna kulowamo, koma anati imeneyo ndi ntchito ya amisiri wamba, si luso lenileni la burashi. Anthu a ku China sanalephere kutulukira kadontho ka Alberti, sankakafuna. Zithunzi zawo zambiri zinali pamipukutu yaitali yofunyulula pang'onopang'ono, diso likuyenda ndi mtsinje kapena msewu, ndipo diso loyenda silingamangiriridwe pamalo amodzi.

Asayansi anafika mochedwa. Johannes Kepler anafotokoza mu 1604 kuti chithunzi chimagwera pa retina chozondoka. Charles Wheatstone anasonyeza mu 1838 kuti zithunzi ziwiri zosiyana pang'ono, chimodzi ku diso lililonse, zimabala kuya kumene kulibe papepala. Mu 1867 Hermann von Helmholtz ananena kuti kuona ndi kuweruza kochitika munthu osadziwa, zomwe Ibn al-Haytham anali atanena zaka zoposa 800 m'mbuyomo. Adelbert Ames Jr. wa ku America, yemwe anasiya za malamulo n'kuyamba kujambula asanakhale wofufuza za maso, anamanga chipinda chopotoka, ngodya ina ili kutali kwambiri kuposa inzake, pansi ndi denga zopendekeka. Mukasuzumira pakabowo, chipindacho chimaoneka cha makona olongosoka, koma munthu woyenda kuchoka ngodya ina kupita inzake amakula n'kusanduka chimphona. Ubongo umalolera kukhulupirira kuti munthu watupa kusiyana ndi kukhulupirira kuti chipinda ndi chopotoka. Ngakhale mutalowamo n'kugwira makoma ndi manja, mukabwerera pakabowo chimphona chija mumachipezabe. Kudziwa sikuchiza.

Ena anagwiritsa ntchito malamulo omwewo pojambula zosatheka. Roger Penrose, katswiri wa masamu, ataona zithunzi za wojambula M. C. Escher ku Amsterdam mu 1954, iye ndi bambo ake Lionel anasindikiza mu 1958 chithunzi cha makona atatu osamangika ndi cha masitepe ozungulira osatha. Escher anawabwezera ulemu ndi chithunzi cha 1960 cha amonke okwera masitepe mpaka kalekale, ndi cha 1961 cha madzi ogwa pamathithi n'kuyenda mumfuleni mpaka kudzafikanso pamwamba pa mathithi omwewo. Ngodya iliyonse payokha ndi yolondola. Ubongo umayesa ngodya imodziimodzi n'kuivomereza, ndipo ukadzazindikira kuti zonse pamodzi sizikugwirizana umakhala utavomera kale.

Kodi kuona kuya pachithunzi ndi chibadwa kapena ndi chophunzira? Funso limeneli linakokera kuno kwathu. Robert Laws, m'mishonale wa ku Scotland amene anafika kunyanja ya Malawi ndi gulu la Livingstonia mu 1875, anasimba kuti akaonetsa anthu chithunzi chakuda ndi choyera cha ng'ombe ndi galu sankaona kanthu, mpaka atawalozera nyanga ndi mchira. Mnyamata akazindikira mphuno ndi makutu a galu, akuluakulu ankayang'ananso n'kuomba m'manja. Mawu amenewa anabwerezedwa m'mabuku ngati umboni woti anthu akuda saona zithunzi. Koma nkhaniyo ikunena yokha kuti phunzirolo linkatha m'kanthawi kochepa, ndipo m'dziko lomwelo, ku Chongoni kufupi ndi Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza nyau ndi chinamwali. Chachilendo chinali pepala ndi kajambulidwe ka azungu, osati chithunzi.

Mu 1960 William Hudson wa ku Johannesburg anafalitsa zotsatira za mayeso ake. Pachithunzi chake panali mlenje atakweza mkondo, gwape kutsogolo kwake, ndi kanjovu kakang'ono paphiri pakati pa awiriwo. Funso linali lakuti mlenjeyo akulasa chiyani, ndipo chili pafupi naye n'chiyani. Ambiri mwa ogwira ntchito m'migodi amene sanapite kusukulu ankati njovu, ndipo azungu ena ogwira ntchito zamanja ankayankhanso chimodzimodzi. Jan Deręgowski, akufufuza ku Lusaka m'zaka za m'ma 1960, anasintha funso. Anapatsa ana a sukulu ndi antchito a m'nyumba timitengo ndi dongo kuti aumbe chimene akuona pachithunzi cha mizere, ndipo ambiri mwa olephera mayeso a Hudson anaumba zinthu zoimirira, zokhala ndi kuya. Vuto lina linali m'chithunzi cha mlenjecho. Anapatsanso ana chithunzi cha foloko yosatheka, ya mano atatu kunsonga koma awiri kutsinde, kuti aikopere ataiyang'ana. Ana omwe ankaona kuya pazithunzi ndiwo anavutika nayo. Omwe ankangoona mizere papepala sanaone chovuta. Pamenepa wopusitsidwa ndiye anali wozolowera zithunzi.

Pa mizere iwiri ya Müller-Lyer ya 1889, yofanana kutalika koma wina wa mivi yoloza kunja wina yoloza mkati, kafukufuku wa Segall, Campbell ndi Herskovits wa 1966 anapeza kuti anthu a ku Evanston ku America ankapusitsika kwambiri, pamene Asan a ku Kalahari sankapusitsika kwenikweni. Ofufuzawo anati chifukwa chake ndi kukulira m'nyumba za makona. Koma mu 2015 ofufuza a Project Prakash ku India anayesa ana 9 obadwa ndi ng'ala, pasanathe maola 48 atachitidwa opaleshoni n'kuyamba kuona, ndipo mizereyo inawapusitsa nthawi yomweyo. Mkanganowu sunathe. Zikuoneka kuti zizindikiro zina ubongo umabwera nazo, zina umatola m'njira, ndipo kuwerenga chithunzi cha papepala kuli ndi chizolowezi chake.

Lero luso la Holbein ndi Pozzo lili m'manja mwa opaka misewu ndi otsatsa malonda. Zilembo ndi mivi ya pamsewu amazipaka zazitali mopitirira kuti dalaivala woziona chapansipansi azione zolongosoka. Mu 2017 tauni ya Ísafjörður ku Iceland inapaka malo owolokerapo anthu okhala ndi mithunzi ya penti, ooneka ngati zipilala zoyera zoyandama pamwamba pa msewu, pofuna kuti magalimoto azichepetsa liwiro. Koma anthu ambiri amakumana nalo lusoli poonera mpira pa TV. Pambali pa golo pamaoneka zikwangwani za malonda zoimirira bwinobwino. Amenewo ndi makapeti oyala pansi, a zilembo zotambasulidwa ndi kupendekeka mowerengera kamera yaikulu ya pabwalo, imene ili ndi diso limodzi ndipo sichoka pamalo pake. N'chifukwa chake wosewera wothamangira mpira wotuluka amadutsa pachikwangwanipo osapunthwa. Akamaonetsanso chigoli ndi kamera ya kuseri kwa golo, zilembo zija zimaoneka zitagona paudzu, zazitali ndi zopotoka, zovuta kuwerenga.